Galimoto ya turbo ikudukiza pa chitunda: mafunso ndi mayankho pa za pampu ya petulo ndi kuchepa kwa mafuta mu injini

Tsamba lino ndi la eni galimoto za petulo zokhala ndi turbo, komanso amakaniko amene amazilandira m'magalaja a ku Dedza ndi ku Ntcheu: ma Subaru Forester ndi Legacy, Golf GTI, Polo ndi Tiguan za TSI, Mazda CX-7, Nissan Juke ya DIG-T ndi zinzake. Dandaulo limakhala limodzimodzi: pamalo athyathyathya galimoto ili bwinobwino, koma mukaponda moto pa chitunda imadukiza ngati yatsamwa. Manambala amene taika m'munsimu ndi amene amapezeka pa galimoto zambiri. Buku la galimoto yanu likanena zina, tsatirani bukulo.

Amakaniko akati injini ikuyenda lean, amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa. Nsima yadzadza mbale koma ndiwo n'zapang'ono. Kuti moto uyake bwino mu silinda, magalamu 14.7 a mpweya amafuna galamu imodzi ya petulo, ndipo kompyuta ya galimoto imasunga muyezo umenewu mukamayenda pang'onopang'ono kapena injini ikamangolira pamalo amodzi.

Turbo ikayamba kukankha mpweya nkhani imasintha. Apa injini imafuna petulo wopitirira, pafupifupi 11.5 mpaka 12 pa 1, ndipo petulo woonjezerayo ntchito yake si mphamvu ayi, koma kuziziritsa m'kati mwa silinda. Choncho muyezo wa 14.7, umene ndi wabwino kwambiri m'tauni, ndi woopsa turbo ikadzadza. Silinda imatentha mopitirira, msakanizo umaphulika wokha pulagi isanamalize ntchito yake, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati hamala. Injini yopanda turbo ikhoza kuyenda lean miyezi, ikungofooka basi. Ya turbo ikhoza kusweka pisitoni pa chitunda chimodzi.

Zizindikiro zake ndi ziti?

Chachikulu ndi kudukiza kapena kubwerera m'mbuyo pamene turbo ikugwira, kawirikawiri pakati pa 3000 ndi 4500 rpm, makamaka galimoto italemedwa. Mukachotsa phazi, zonse zimabwerera m'malo. Ena amamva phokoso ngati timiyala tikugubuduka m'chitini, kumeneko ndiye kugogoda kwa injini. Nthawi zina kumaphulika ku mbali ya sefa ya mpweya. Nyali ya injini pa dashibodi imatha kuyaka, kuthwanima kapena kusayaka n'komwe.

Masulani mapulagi muwaone. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yotuwirako kapena yofiirira pang'ono. Ikakhala yoyera mbee ngati choko, nsonga yake itadyeka, kapena ili ndi timadontho tonyezimira ngati tasiliva, musaiyendetsenso mwamphamvu galimotoyo. Timadontho timeneto ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni.

Ku Salima ndi ku Lilongwe imayenda bwino, koma ndikamakwera kuchokera ku Golomoti imavuta. Kodi vuto ndi kukwera kwa Dedza?

Ayi, phiri langoulula matenda amene analipo kale. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pa mamita pafupifupi 475. Presha ya mpweya wakunja kuno imakhala cha m'ma 0.84 bar, kunyanja cha m'ma 0.96. Kompyuta imadziwa zimenezi ndipo imachepetsa petulo molingana ndi mpweya. Mpweya wopepuka pawokha supangitsa injini kuyenda lean.

Chimene chitunda cha Khwekhwelere, chokwera kuchokera ku Golomoti, chimachita ndi ichi: chimasunga injini pa boost, ndiko kuti turbo ikukankha mpweya mwamphamvu, kwa mphindi zambiri motsatizana. M'tauni turbo imagwira masekondi atatu kapena anayi, pampu yofooka n'kupirira. Pa chitunda chachitali pampu imatentha, mawaya ake amatentha, ndipo sefa yotsekeka imalephera kudutsitsa mafuta okwanira. Onjezani makona akuthwa aja: ngati thanki ili pansi pa kota, petulo amathawira mbali imodzi, pampu n'kumeza mpweya. Zomwezi zimachitika pokwera kuchokera ku Ntcheu boma kupita ku Lizulu galimoto itanyamula anthu asanu ndi matumba a mbatata.

Makaniko wangomvetsera n'kunena kuti pampu yatha. Ndigule ina?

Musanagule, muuzeni ayeze presha. Mapampu ambiri amene amatayidwa kuseri kwa magalaja ndi amoyo. Khutu limangokuuzani kuti pampu ikuzungulira: mukatembenuza kiyi osaliza injini, imalira masekondi awiri kapena atatu pansi pa mpando wakumbuyo kenako n'kusiya. Kulira kumeneko sikukuuzani kuti ikutulutsa mafuta ochuluka bwanji.

Pakufunika geji ya presha ya mafuta yofika 7 bar ndi cholumikizira cha mphanda. Ilumikizeni pakati pa sefa ndi paipi ya ma injekita. Pa galimoto zokhala ndi paipi yobwezera mafuta ku thanki, monga ma Subaru a injini ya EJ20, muyembekezere izi. Injini ikulira pamalo amodzi, geji ionetse pakati pa 2.3 ndi 2.6 bar. Mukazula kapaipi kakang'ono ka mpweya kochokera ku manifold (paipi yogawira mpweya ku masilinda) kupita ku regulator (kachipangizo kolamulira presha ya mafuta), singano ikwere kufika pafupifupi 3 bar. Ikapanda kusuntha, regulator yafa kapena kapaipiko n'kotsekeka. M'kapaipiko mukapezeka petulo, mphira wa m'kati mwa regulator wang'ambika.

Koma mayeso enieni ndi a pamsewu, ndipo amenewa ndi amene anthu ambiri amadumpha. Regulator ya galimoto ya turbo imakweza presha ya mafuta mofanana ndi boost. Turbo ikakankha 0.8 bar, geji iyenera kuonetsa 3.8 bar, chifukwa injekita ikulavulira mafuta m'malo mmene muli kale presha. Tulutsani geji kudzera pansi pa boneti, imateni ndi tepi kunja kwa galasi lakutsogolo. Paipi ya petulo isalowe m'kati mwa galimoto. Mmodzi ayendetse, wina awerenge. Pezani chitunda choongoka chopanda anthu, ikani giya yachitatu, pondani moto kuyambira 2000 rpm. Singano iyenera kukwera limodzi ndi boost n'kukhazikika. Ikakwera kenako n'kuyamba kutsika injini ikuthamangabe, chotsani phazi pomwepo, yankho mwalipeza: mafuta sakufika okwanira.

Galimoto zopanda paipi yobwezera zimasunga presha imodzi, nthawi zambiri 3.5 mpaka 4 bar. Pa zimenezi musadikire kuti ikwere, ingoonani kuti isagwe.

Presha ikugwadi pa chitunda. Ndiye kuti ndi pampu basi?

Osati msanga choncho. Zinthu zina zinayi zimabweretsa chizindikiro chimodzimodzi, ndipo pampu ndi yodula kuposa zonse.

Yambani ndi sefa. Pa galimoto zakale ili panja, mu injini kapena pansi pa galimoto, ndipo kuisintha ndi ntchito ya mphindi makumi awiri. Ikhuthuleni chammbuyo m'botolo loyera muone zotuluka. Pa galimoto zatsopano ili m'kati mwa thanki pamodzi ndi pampu. Kunsi kwa pampu kulinso kansalu kosefera, kamene kamagwira dzimbiri ndi matope. Ndi mafuta a kwathu kuno, ife timaona kuti sefa yapanja isapitirire makilomita 40,000.

Chachiwiri ndi magetsi. Pampu ikalandira 11 V m'malo mwa 13.5 V imazungulirabe, imalirabe, koma mafuta amachepa kwambiri. Yezani pa pulagi ya pampu yeniyeniyo, pampu ikugwira ntchito, osati itazulidwa. Kusiyana kwa magetsi a pa batire ndi a pa pampu kusapitirire 0.5 V. Yezaninso mbali ya earth, chifukwa bawuti ya dzimbiri pa thupi la galimoto imadya magetsi ngati mmene amachitira waya wothethuka. Onani relay ndi fyuzi, ndipo zulani pulagi ya pamwamba pa thanki: pulasitiki wake akakhala wofiirira kapena wosungunuka, pamenepo pakutentha. Chenjezo limodzi: galimoto zambiri za turbo zili ndi kabokosi koyendetsa pampu, kamene kamachepetsa magetsi dala injini ikamalira pamalo amodzi n'kuwatsegula onse pa boost. Mukapeza 8 kapena 9 V pa galaja musathamangire kudula mawaya. Funso ndi lakuti, kodi magetsi onse akufika mukaponda moto?

Chachitatu ndi kapaipi ka m'kati mwa thanki kolumikiza pampu ndi chivindikiro, pamodzi ndi mphira wake wozungulira. Kakang'ambika, theka la mafuta limabwerera mu thanki osatuluka n'komwe.

Chachinayi ndi regulator imene ikutsegula msanga. Pofuna kuisiyanitsa ndi pampu, finyani paipi ya mphira yobwezera mafuta kwa sekondi imodzi kapena awiri. Singano ikalumpha kufika 5 kapena 6 bar, pampu ili ndi mphamvu, vuto ndi regulator. Ikangoti sunthe pang'ono, ndiye sefa, magetsi kapena pampu.

Zonsezi zikakhala bwino, yezani kuchuluka kwa mafuta. Lozetsani paipi yobwezera m'chigubu chokhala ndi muyezo, yendetsani pampu ndi magetsi onse masekondi 30. Pampu yabwino ya galimoto ya turbo ya malita awiri imatulutsa pafupifupi lita imodzi. Ikalephera kufika theka la lita, yatha. Amene ali ndi mita yoyezera ma amp aone ngati ikukoka pakati pa 4 ndi 8 A. Yokoka mopitirira ikulimbana ndi chotsekeka kapena yayamba kugwira m'kati.

Taika pa kompyuta, sipakutuluka cholakwika chilichonse. Zikutheka bwanji?

Zimatheka, ndipo n'chifukwa chake vutoli limapha injini mwakachetechete. Pa galimoto zambiri, mukaponda moto wonse kompyuta imasiya kumvera sensa ya okosijeni, n'kumangotsegula ma injekita motsatira tebulo lake, pokhulupirira kuti presha ya mafuta ilipo. Ndiye pamene pampu ikulephera, palibe amene akuyang'anira.

Ngati manambala atuluka, ofunika kuwadziwa ndi awa: P0171 ndi P0174 akunena kuti msakanizo ndi wa lean, P2187 ndi lean injini ikulira pamalo amodzi, P0087 ndi presha yochepa pa paipi ya ma injekita, P0230 ndi magetsi a pampu, P0101 ndi sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndipo P0300 ndi kudumpha kwa moto m'masilinda osiyanasiyana. Nambala imaloza dera, sitchula chipangizo choti mugule. P0171 sakutanthauza kuti sensa ya okosijeni yafa. Nthawi zambiri sensayo ikunena zoona.

Kupambana manambala onsewa ndi fuel trim, imene ili pawiri: STFT ya kanthawi kochepa ndi LTFT ya nthawi yaitali. Zimenezi zimaonetsa kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchotsa. Ziphatikizeni ziwirizo. Pakati pa -5 ndi +5 peresenti ndi bwino. Kupitirira +10 pali vuto. Ziwerengeni injini itatentha, poyamba ikulira pamalo amodzi, kenako pa 2500 rpm, kenako pamsewu. Zikakhala zokwera pamalo amodzi n'kutsika mukakweza rpm, mpweya ukulowa mozemba. Zikakhala bwino pamalo amodzi n'kumakwera injini ikamalemedwa, ganizirani mafuta kapena MAF yakuda.

Kachipangizo ka ELM327, kolumikiza foni ku kompyuta ya galimoto, pamodzi ndi foniyo zimakwanira kuwerenga zimenezi. Koma galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan chisanafike chaka cha 2008 sizilankhula ndi tizipangizo totchipati, zimafuna makina odziwa mtundu wa galimotoyo.

Mpweya wolowa mozemba umalowera pati?

Zimatengera pamene pang'ambika, ndipo apa pamasokoneza anthu ambiri. Pa galimoto ya MAF, mpweya umayezedwa ukangodutsa sefa. Paipi ya pakati pa MAF ndi turbo ikang'ambika, turbo imakoka mpweya wosayezedwa, injini n'kuyenda lean, ndipo vuto limakula boost ikamakwera. Paipi imeneyi imafewa ndi oyilo pafupi ndi kamwa la turbo, ndipo mng'alu umabisala kunsi kumene diso silifika.

Koma pakang'ambika pamene mpweya wadutsa kale turbo, pa intercooler (choziziritsira mpweyawo) kapena mapaipi ake, zimachitika mosiyana. Mpweya woyezedwa kale umathawira kunja, petulo n'kuchuluka. Galimoto imafooka, imatulutsa utsi wakuda, imamwa mafuta, mwina n'kuonetsa P0299, nambala ya boost yochepa. Imeneyo si lean.

Kuseri kwa throttle, ming'alu ya pa manifold, paipi ya mabuleki, ndi valavu ya PCV (yobwezera mpweya wa mu injini ku manifold) zimabweretsa lean pamalo amodzi. Pa injini za VW ndi Audi mphira wa PCV ukang'ambika mumamva kulira kwa mluzu, ndipo chitsekerero cha oyilo chimakanika kuzuka injini ikulira.

Njira yofufuzira ndi yosavuta. Injini itazima, tsekani paipi pamene pamakhala MAF ndi chitsekerero chokhala ndi valavu ya tayala, popani mpweya wa 0.5 bar, kenako wazani madzi a sopo pa malumikizidwe onse. Pamene pakutuluka thovu ndi pomwepo. Zowaza petulo pa injini yolira kuti mumve ngati isintha mawu, zisiyeni. Pafupi ndi turbo yotentha mukhoza kuotcha galimoto ya mwini wake.

MAF nayo imada ndi fumbi, makamaka pa galimoto zoyenda misewu ya dothi ya ku Tsangano kapena ku Mayani, ndiponso pa zimene anaziika sefa za masewera zopaka oyilo. Ikada imawerenga mpweya wochepa kuposa umene ukulowa. Pa injini ya malita awiri yotentha, ikulira pamalo amodzi, iwerenge pakati pa 2 ndi 4 g/s. Itsukeni ndi mankhwala ake a MAF, iume yokha, kawaya kake musakakhudze ndi chilichonse.

Yanga ndi TSI. Kodi zonsezi zikundikhudza?

Theka lake. Injini za TSI, TFSI, DISI ya Mazda ndi DIG-T ya Nissan zimathira petulo m'kati mwenimweni mwa silinda, choncho zili ndi mapampu awiri. Ya mu thanki imapereka 4 mpaka 6 bar. Yachiwiri ili pa injini, imayendetsedwa ndi camshaft, ndipo imakweza presha kuchoka cha m'ma 40 bar pamalo amodzi kufika 100, 150 kapena kupitirira pa boost. Ya mu thanki ikafooka, ya pa injini imasowa chomeza, ndipo kompyuta imaonetsa P0087 ngati kuti yolakwa ndi yodulayo. Yezani ya mu thanki kaye ndi geji.

Mbali ya presha yaikulu siyezedwa ndi geji wamba. Imawerengedwa pa kompyuta poyerekeza presha imene kompyuta ikufuna ndi imene ikupezeka. Musamasule paipi yachitsulo injini ikulira kapena itangozima kumene. Petulo wa presha imeneyo amaboola khungu.

Eni Golf 5 GTI ndi Audi za 2.0 TFSI ya mtundu wa EA113 adziwe kachikho kachitsulo kamene kamakhala pakati pa pampu ndi camshaft, kotchedwa cam follower. Kamadyeka, ndipo kakabooka kamaononga pampu ndi camshaft yomwe. Kutulutsa pampu n'kukaona ndi ntchito yosakwana ola limodzi. Utoto wakuda wa pamwamba pake ukatha, kasintheni.

Petulo wa m'zigubu angayambitse vutoli? Nanga ethanol?

Mafuta akasowa m'dziko anthu amamwetsa kumene awapeza, ndipo m'mbali mwa malire, kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Dedza, zigubu sizisowa. Vuto la petulo wa m'zigubu lili patatu: litsiro limene limatseka sefa, madzi, ndi parafini amene ena amasakanizamo. Parafini amatsitsa octane, mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha, injini ya turbo n'kumagogoda ngakhale presha ili bwino. Kumbukirani kuti galimoto zambiri za turbo zochokera ku Japan zinapangidwira petulo wa octane yapamwamba, choncho zilibe malo oti octane itsikenso.

Thirani petuloyo m'botolo la galasi loyera, lisiyeni kotala la ola. Madzi amakhazikika pansi moonekeratu. Donthezani pang'ono pa pepala loyera: petulo weniweni amauma osasiya kanthu, wa parafini amasiya banga la mafuta. Ngati palibe kuchitira mwina, sefani pothira ndipo yendani mofatsa mpaka mutamwetsa wabwino.

Za ethanol, dziko lino lakhala likusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, ndipo amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane, zimene turbo imakonda, koma amafuna mafuta ochulukirapo: akakhala 10 peresenti muyezo umatsika kuchoka 14.7 kufika pafupifupi 14.1, akakhala 20 peresenti pafupifupi 13.5. Ndiye fuel trim ikakhazikika pa +4 kapena +7 paliponse, musadabwe. Galimoto yathanzi imakwanitsa. Ya pampu yotopa ndi imene imasowa poonjezera. Ethanol amakokanso chinyezi, choncho galimoto yokhalitsa osayenda m'nyengo ya nkhungu ndi mawawa a Juni ndi Julaye isamasiyidwe ndi thanki ya theka.

Kodi n'zoona kuti kuyenda nyali ya mafuta itayaka kumapha pampu?

N'zoona. Pampu imazizira ndi kuterera ndi petulo amene akudutsa m'kati mwake. Ikamameza mpweya imatentha n'kudyeka. Pa galimoto zokoka matayala onse anayi thanki imakhala yogawika pawiri chifukwa cha shafiti yodutsa pansi, ndipo petulo wa mbali inayo amakokedwa ndi kapampu kopanda magetsi kodalira mphamvu ya mafuta oyenda. Kakatsekeka, galimoto imazima geji ikuonetsa kota. Tikudziwa kuti mtengo wa mafuta suseketsa, koma musanayambe chitunda chachitali onetsetsani kuti thanki yadutsa kota.

M'mawa imachedwa kulira, sitata imazungulira nthawi yaitali. N'zogwirizana?

Kawirikawiri inde. Mukazimitsa injini presha iyenera kukhalabe m'mapaipi. Siyani geji ili pomwepo: pakatha mphindi khumi isatsike pansi pa 2 bar. Ikagwa msanga, valavu ya m'kati mwa pampu ikubwezera mafuta, kapena regulator, kapena injekita ikudontha. Tembenuzani kiyi katatu musanalize. Ikalira msanga, mwatsimikiza kuti presha imathawa usiku. Injekita yodontha imadziwika ndi fungo la petulo ndi pulagi imodzi yonyowa.

Ndiike pampu yaikulu ya 255 kuti vuto lithe?

Ngati injini simunaisinthe kalikonse, sikofunika. Injini ya turbo ya mahachi 200 imamwa malita pafupifupi 75 pa ola ikamagwira ndi mphamvu zonse, ndipo pampu ya fakitale yathanzi imakwanitsa zimenezo. Pampu ya malita 255 pa ola, monga ya Walbro, imakoka magetsi ambiri, ndiye pa mawaya okalamba pulagi imasungunuka. Imathanso kuposa mphamvu ya regulator yaing'ono, presha n'kukwera pamalo amodzi. Komanso zabodza zake ndi zambiri pamsika, bokosi lokongola koma m'kati mulibe kanthu. Pampu iliyonse yatsopano iyezedwe ikangoikidwa, monga mmene munayezera yakale.

Amene akufunadi pampu yaikulu ndi amene anakweza boost. Ndipo kukweza boost pomanga wastegate (valavu yochepetsa mphamvu ya turbo) kapena kuika kavalavu kapamanja, popanda kukonza kompyuta ndi kuyeza msakanizo wa mpweya ndi petulo ndi sensa ya wideband, ndi njira yachidule yoperekera pisitoni nsembe.

Posintha pampu tisamale chiyani?

Gwirani ntchito panja kapena zitseko zonse zitatsegulidwa, kutali ndi mbaula, ndudu ndi wowotcherera, chozimitsira moto cha ufa chili pafupi. Zulani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha kuti presha ithe, kenako chotsani waya wa negetivu pa batire. Musanatsegule chivindikiro pukutani fumbi lonse, apo ayi likagwera mu thanki. Jambulani ndi foni mmene zinthu zakhalira musanazule.

Unikani mu thanki ndi tochi yotsekedwa bwino. Mukaona dzimbiri kapena matope, thanki itsitsidwe itsukidwe, chifukwa pampu yatsopano mu thanki yakuda sikhalitsa. Kansalu kosefera ndi mphira wa chivindikiro zikhale zatsopano. Paipi ya m'kati mwa thanki ikhale yolembedwa SAE J30R10, imene inapangidwira kukhala m'petulo. Paipi wamba imafufuma n'kuphulika pakapita miyezi yochepa. Silikoni asayandikire pamenepo, petulo amamusungunula n'kukatseka sefa. Samalani ndi kamkono ka geji ya mafuta, kamapindika msanga. Mukamaliza tembenuzani kiyi katatu, onani ngati pakudontha, kenako bwezerani mpando.

Pampu ndi sefa n'zatsopano, presha ili bwino, koma ikadali lean. Tsopano?

Tsopano ma injekita. Ngati pulagi imodzi yokha ndi yoyera, injekita ya silinda imeneyo yatsekeka. Pa ma injekita ambiri a pa manifold mita imawerenga 12 mpaka 16 ohm, ndipo onse afanane, koma mita siona litsiro. Atulutsidwe akayezedwe pa makina amene amalavulitsa onse m'timabotolo nthawi imodzi. Kusiyana kopitirira 5 peresenti n'kwakukulu pa turbo. Mankhwala othira mu thanki sangatsegule injekita yotsekeka kwambiri. Ma injekita a TSI musawagunditse ku batire, amayendetsedwa mwa njira ina.

Onaninso ekisozi. Mng'alu pa manifold kapena gasiketi yobooka, utsi usanafike pa sensa ya okosijeni, zimakoka mpweya wakunja, sensa n'kunamizidwa kuti injini ili lean pamene sili choncho. Mumamva kuti tsetsetse injini ikazizira, ndipo pamalopo pamakhala mwaye. Ndipo kudukiza kwina si mafuta n'komwe: koyilo yofooka kapena pulagi yotseguka kwambiri imalephera kuyatsa pa boost. Injini zambiri za turbo zimafuna mpata wa 0.7 mpaka 0.8 mm.

Ndingadziwe bwanji ngati injini yavulala kale?

Yezani compression injini itatentha. Masilinda asasiyane kopitirira 10 peresenti. Imodzi ikatsika, thirani supuni yaing'ono ya oyilo pa bowo la pulagi muyezenso: ikakwera, vuto ndi maring'i kapena pisitoni, ikapanda kusintha, ganizirani valavu yopsa. Utsi wabuluu, oyilo kutha msanga, ndi mpweya wamphamvu wotuluka pa chitsekerero cha oyilo ndi zizindikiro za pisitoni yosweka m'mphepete mwa maring'i.

Nanga za dizilo monga Hilux D-4D?

Imeneyo ndi nkhani ina. Dizilo amayenda ndi mpweya wochuluka mwachibadwa, choncho mafuta akachepa galimoto imangofooka. Manambala a pa tsamba lino musawagwiritse ntchito pa dizilo.

Yayamba kudukiza ndili pakati pa ulendo. Ndingafike nayo kunyumba?

Mukhoza, bola turbo isagwire ntchito. Sungani injini pansi pa 2500 rpm, phazi lisapitirire kota, zimitsani AC, ndipo pa chitunda tsitsani giya m'malo moponda moto. Zopitirira mathiraki ziiwaleni, khalani kumbuyo kwawo. Pa siteshoni yoyamba onjezerani petulo thanki idutse theka. Ikazima, isiyeni mphindi khumi ndi zisanu pampu izizire, ndipo podikirapo sinthanitsani relay ya pampu ndi inzake yofanana nambala, monga ya huta. Masulaninso chitsekerero cha thanki: mukamva mpweya ukukokedwa mwamphamvu, thanki sikupuma, ndipo galimoto ikhoza kuyenda bwino mukangochitsegula. Koma nyali ya injini ikamathwanima, kapena mukamva timiyala tija ngakhale mukuyenda mofatsa, kapena singano ya kutentha ikayamba kukwera, imani pamalo otakasuka, ikani zizindikiro kutsogolo ndi kumbuyo, muitane wodzakukokani. Ngati muli kumunsi ku Golomoti, musayese kukwera nayo Khwekhwelere.